Ludzu la Makina a Bakari

Joni,
21 Januwale 2024

Zaituni, mlongo wanga,

Asalaamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli ndi mphamvu, iweyo, amayi ndi ana ako awiri. Ine kuno thupi lili bwino, koma chimwalirire mng'ono wathu Bakari mutu wanga sukuyenda. Mundikhululukire posabwera kumaliro. Ukudziwa kuti mapepala anga anatha, ndikangodutsa pa boda kubwereranso kulibe. Ndamva kuti foni yako unagulitsa, ndiye ndalemba pamanja ngati makedzana. Ndapatsira a Elliam, kondakitala wa basi yodutsa pa Balaka. Mayankho azifikira kwa iwowo.

Ntchito yanga ya pagalaja inatha mu Disembala, ndiye chotumiza ndilibe. Koma njira ilipo imodzi, uwerenge mofatsa.

M'kati mwa kompyuta ya Bakari, ija ankakonzera mavidiyo a maukwati, muli chipangizo chotchedwa khadi ya zithunzi. Ndi chija ndinamugulira kuno zaka zitatu zapitazo, chokhala ndi timapaipi tiwiri ndi kabotolo ka madzi. Madziwo amazungulira kuti khadi isapse, monga zimakhalira pa injini ya galimoto. Mu Novembala Bakari anandidandaulira kuti madzi akumachepa okha, makina akumazima akatentha. Dzulo ndinapita kusitolo kumene ndinaigula. Waranti yake, ndiye kuti lonjezo lawo loti chinthu chikawonongeka apereka china, ikutha pa 29 Febuluwale. Khadiyo ikafika kuno tsikulo lisanadutse, andipatsa yatsopano. Yatsopanoyo ndikaigulitsa, mudya mpaka kukolola.

Koma tamvetsetsa. Pachitsekerero cha kabotolo pali kapepala kofiira komata. Kameneko kakangong'ambika, lonjezo lathera pomwepo. Munthu asakakhudze. Blasius, mnzake wa Bakari wokonza makompyuta pa Balaka, abwera kudzachotsa khadiyo.

Undiuze mvula ikutani kumeneko, ndipo amayi uwapatse moni.

Mlongo wako,
Laisi


Nselema,
29 Januwale 2024

Achimwene,

Wa aleikumu salaamu. Tilipo, Alhamdulillah. Kalata yanu inafika Lachisanu. Ndinaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikusakasaka pamene mwafunsa za mmene Bakari anafera. Sindinapapeze. Ndiye ndikuuzani ndekha, za makhadi zanuzo zidikire kaye.

Loweruka pa 6 anakajambula ukwati wa mwana wa Che Hassan ku Nkaya. Anabwerako Lamulungu ndi jumbo ya mpunga, pamwamba pake nthuli ziwiri za mbuzi. Amayi atamuitana kuti asambe m'manja, iye anangodzisisita pamimba n'kuseka. Akuti, "Ine ndadya kale, kumeneko ndinachita kukana ndekha." Tinadya ife, ana mpaka kunyambita jumbo.

Lachiwiri ine ndi amayi tinalawirira kudambo kukakumba nyika, mizu ya akakombo ija. Pobwera, dzuwa lili pamutu, tinamupeza atagwa pampando m'chipinda chake chogwiriramo ntchito, makina akungolira okha. Panalibe womudonthezera madzi pakamwa, panalibe womunong'oneza kalima, mawu achikhulupiriro otsazikira womwalira. Chimene chikuwadya amayi n'chimenecho. Akungoti mwana wanga wapita ndi ludzu.

Mvula mwafunsayo inaleka. Chimanga chapota masamba chisanafike m'chiuno. Tikudya kalongonda, wophika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi kasanu ndi kawiri kuti asatiledzeretse.

Za khadi ndawauza amayi. Ayankha zimene mukuzidziwa kale, ngati Joni sanakuiwalitseni: katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, itachitika. Masiku makumi anayiwo akukwana pa 18. A Blasius anuwo abwere pa 19.

Pali china, ndipo musandiseke. Makinawa akumadzuka okha. Chipinda n'chokhoma, kiyi ali pamfundo ya chitenje changa. Koma azana yoitanira pemphero la masana la Zuhuri ikangoyamba kumzikiti, m'katimo mumayaka kabuluu, kenako timamva khorooo, khorooo, ngati munthu wouma kukhosi akufuna kulankhula. Ndinatsegula tsiku lina. Pasikirini pali kamzere kakukwawa pang'onopang'ono, mpando uli pomwe anausiya. Pakatha ola limodzi chipinda chimatentha, makina n'kuzima okha. Ana safikanso kukhonde. Amayi asamutsa mswala wawo wopemphererapo, akuswalira pakhomo la chipindacho.

Ine ndikuopa, achimwene.

Zaituni


Joni,
7 Febuluwale 2024

Zaituni,

Moni nonse. Ndalandira. Mawu ako andilasa, koma sindikuyankha za izo. Kusafunsa si kusamva chisoni. Ndikulimbana n'zoti otsalanu mudye.

Za mantha zisiye, palibe cha mizimu apo. Bakari anaitchera kompyutayo kuti mphamvu ya sola ikakwana izidzuka yokha n'kupitiriza ntchito imene inasiyira. Mphamvuyo imakwana dzuwa likafika pamutu, n'chifukwa chake zikukumana ndi azana. Kamzere ukukaonako ndi vidiyo ya ukwati uja. Kamera yake inali yakale, ndiye asanayambe kudula ankayamba wayeretsa zonse zimene wajambula. Phokosolo ndi mphepo imene yalowa m'pampu chifukwa madzi achepa. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Chimene ukuyenera kuopa ndi ichi. Khadi imeneyo ikuthamanga kupyola liwiro limene anaipangira. Ndinamuphunzitsa ndine, sindikubisa. Maola a dzuwa ndi ochepa, ndiye ndinamuonetsa mokwezera liwiro kuti ntchito ya masiku atatu izitha tsiku limodzi. Chinthu chothamanga chotero chimafuna madzi okwanira. Tsiku lililonse mukuchisiya chikuyaka, chikuyandikira kupserera, ndipo a sitolo akaona kuti chinapsa ndi kuthamangitsidwa sandipatsa kanthu. Blasius akabwera ayamba wabwezera liwiro m'malo mwake kuti zisaoneke.

Ndiye zula pulagi yakuda kuseri kwa tebulo. Kuzula pulagi si kugawa katundu. Uwafotokozere amayi bwinobwino.

Laisi


Nselema,
19 Febuluwale 2024

Achimwene,

Salaamu. Kaya inu mwadzuka bwanji kumeneko, ife kuno zativuta.

Dzulo linali la arubaini, koma sadaka sinachitike. Tikanaphika chiyani? Ungaitane mudzi kudzadya kalongonda? A shehe anabwera okha kudzawapepesa amayi. Anati chaka chino dua yokha, pemphero basi, ikwanira, Mulungu akuona mmene dziko lilili. Amayi anakana, maso ali pansi. Akuti, "Mwana wanga wapita ndi ludzu, ndiye dzina lake ndilitsazike pa mbale zouma? Iyayi." Ndiye sadaka yaimikidwa mpaka mpunga utapezeka, ndipo katundu adakali wotseka.

Pulagi yanu ija ndinaiyesa sabata yatha. Ndinangowerama kuseri kwa tebulo, dzanja la amayi gwi! pamkono panga. Nkhalamba yosadya ija, koma zala zake zinandisiyira zipsera. Anandifunsa kuti, "Ukufuna umutseke pakamwa kachiwiri?" Kiyi anandilanda, ali m'khosi mwawo pa chingwe.

Mwafotokoza zonse ngati aphunzitsi, zikomo. Tandifotokozeraninso izi. Kabotolo kaja kamaonekera pawindo. Ndisanalandidwe kiyi ndinakakanda ndi pini pamene madzi analekeza, ndipo tsiku ndi tsiku ankatsika. Pansi sipanyowa, patebulo sipanyowa. Amapita kuti? Tsopano zasintha. M'mawa ndikasuzumira ndimapeza ali pansi pa chikandocho. Ndikabwerako kudambo masana ndimapeza akwera, apyola. Khorooo uja analeka. Makina akumayenda mwakachetechete mpaka pemphero la Asiri, dzuwa litapendeka, ndipo pasikirini payamba kuoneka nkhope za anthu, zikutuluka m'chifunga imodziimodzi. Dzana ndinaona mayi wina wa mpango wobiriwira akuyang'ana kuwindo kumene ndinaima. 

Amayi amakhala pamswala n'kumacheza nawo makinawo. Amawauza za mvula, za mbuzi ya Abiti Umar imene inabedwa.

Koma Nafisa wanga wayamba kutupa mapazi, achimwene. Ukadina ndi chala, dzenje limatsala. Ndiye mwambo undikhululukire, ndasankha mwana wamoyo. Ndatumiza uthenga kwa a Blasius kuti abwere Lachisanu pa 23 m'mamawa, nthawi imene amayi amapita kukatunga madzi kuchitsime cha kumzikiti. Loko ndithyola ndekha. Basi ya a Elliam inyamuka pa Balaka Loweruka, ndiye khadi ikufikani masiku awiri kapena atatu lisanakwane tsiku lanulo.

Sindinawaberepo amayi chibadwire. Mundipempherere.

Zaituni


Balaka,
24 Febuluwale 2024

Bwana Laisi,

Moni wa ku Balaka. Ndine Blasius. Ndikudziwa kuti mwa a Elliam mukuyembekezera katoni, koma mwalandira envelopu. Khalani pansi kaye, ndifotokoze.

Ndinanyamuka bwinobwino ndi zida zanga, koma minibasi inatifera titangodutsa pa Liwonde. Pa Nselema ndinafika dzuwa litakwera kale. Achemwali anu ndinawapeza ali ndi hamala m'manja, mayi ali chikhalire pakhomo la chipinda. Ndinati lero kuli nkhondo. Koma mayi anangondiyang'ana, n'kuti, "Ndiwe mnzake uja ankakutchula? Lowa, umuone." Anatsegula okha.

Bwana, waranti inafa kale. Kapepala kofiira kaja kanadulidwa ndi lezala, mwaukhondo zedi, ngati wadula ndi telala. Pambali pa kompyuta pali kapu ndi kasupuni ka tiyi. Ndinawafunsa kuti mayi, izi wachita ndani? Sanabise. Akuti ayamba kalekale, tsiku lomwe anatenga kiyi. Amatunga madzi kuchitsime, amawawerengera dua, ndiye dzuwa likamayandikira pamutu amatsegula chitsekerero n'kudonthezamo masupuni atatu. Achemwali anu anakuwa, "Amayi! Si inu munati katundu sakhudzidwa?" Iwo anayankha osakweza mawu, akuti, "Kumwetsa munthu si kugawa katundu."

Ndinaganiza zomata kapepala kena, ndili nato tofanana. Koma madzi a m'katimo ndi amatope, m'mapaipi mwayamba ndere. Ngakhale wakhungu wa kusitolo kwanuko angaone.

Tsono mundimvetse, ine za makina ndimazidziwa. Ndikudziwa chimene chimayatsa kompyuta imeneyo masana. Komabe azana itayamba, kabuluu kaja n'kuyaka mafani oziziritsa n'kutembenuka, tsitsi linandiimirira. Mayi anagwada, kasupuni kali m'manja, akunong'ona mawu a Chiarabu. Ndinaona ndi maso anga madzi akulowa, ndipo patangopita kanthawi anali atatsikanso. Ndinapapasa paipi iliyonse, polumikizira paliponse, ndinayalamo ndi pepala. Mouma gwa! Zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito imeneyi, sindinaonepo madzi otayika osasiya chinyontho. Ndinangozindikira ndadzilemba mtanda, m'nyumba ya Asilamu.

China. Ndinayang'ana manambala a liwiro. Amene munamuphunzitsa inu aja ndi amwana. Bakari anakweza mpaka pothera penipeni, ndipo anachita zimenezo Lolemba, mawa lake n'kumwalira. Ankathamangira kuti ntchito ya Che Hassan ithe msanga. Khadi imeneyo inayenera kupsa kalekale, kaya ikuyendera chiyani.

Kamzere ka vidiyo kaja kafika pa 94 mwa 100. Sindinachotse kanthu, poti kuchotsa kulibenso phindu. Ndawasiyira achemwali anu kaufa kamene ndinagula panjira kuti mwana uja amwe phala. Ikamaliza ndipitanso kukaika vidiyoyo pa fulashi.

Pepani kwambiri, bwana.

Blasius


Joni,
28 Febuluwale 2024

Zaituni,

Moni. Kalata yako ya pa 19 ndi ya Blasius zafika pamodzi dzulo. Ndinapita kudepoti ndi chikwama chachikulu, ndabwerako ndi mapepala awiri.

Mwadya chimanga chanu ndi kasupuni ka tiyi. Ndinalemba momveka, kapepala kofiira munthu asakakhudze. Iwe unali kuti? Masiku onsewo unkasuzumira pawindo, ukundilembera za nkhope za m'chifunga, osaganiza n'komwe kuti madzi sadzithira okha? Mawa ndi pa 29. Ndimadutsa pasitolo paja tsiku lililonse, khadi yatsopano ili pashelefu, ndimaiona pagalasi.

Bakari ali kumanda, Zaituni, sali m'kompyuta. Amayi uwauze choncho, unene kuti ndanena ndine. Nafisa adya chiyani tsopano?

Sindikudziwa chochita. Ndakwiya, ndipo ndikulira.

Laisi


Nselema,
8 Malichi 2024

Achimwene,

Asalaamu aleikumu. Kalata yanu yaukali ndalandira. Uthenga wanu kwa amayi sindinapereke, ndipo sindipereka. Mmene munkalemba n'kuti kuno zitatha kale, kungoti basi ndi yochedwa.

Makina anamaliza Lachiwiri pa 27. Ndinali pakhonde ndikusenda nyika, ndinangomva ng'oma ndi nthungululu m'chipinda cha Bakari. Mpeni unandigwa. Amayi anandiitana, "Bwera, watha." Kamzere kanali katafika kumapeto, vidiyo itayamba yokha.

Tinakhala pansi awiri, kuonera ukwati wa eni ake. Zithunzi zoyera ngati ukuyang'ana pawindo. Mkwatibwi, magalimoto, azimayi akuvina, mayi wa mpango wobiriwira uja n'kukhala mchemwali wake wa Che Hassan. Poti Bakari anali asanadule kanthu, zonse zilimo, ngakhale pamene kamera ikungoloza mapazi a anthu. Amayi sanasunthe. Ankangoti, "Apa ndi pamene anaima, apa anathamanga."

Nthawi ya chakudya, anaika kamera pabenchi kuseri kwa tenti, n'kuiwala kuizimitsa. Choyamba mukuona mpanda wa udzu basi. Kenako akulowa iyeyo ndi mbale ya mpunga, n'kukhala pa njerwa.

Achimwene, ife tinkakhala naye tsiku ndi tsiku, sitinaone. Ankavala malaya awiri. Koma pamenepo kunatentha, anavula akunja aja. Khosi ngati la nkhuku yososola, lamba ataboola mabowo ena atatu. Akuyang'ana mbale ija nthawi yaitali. Akuinunkhiza. Kenako akutulutsa jumbo m'thumba, akukhuthuliramo zonse, nthuli ziwiri pamwamba. Njere zimene zinakakamira m'mphepete mwa mbale anazikokolola ndi chala, ndinati mwina izi adya. Anaziponyanso m'jumbo momwemo.

Ndi mpunga uja tinadya Lamulungu. Ndi uja anati wadya kale, anachita kukana yekha.

Atamanga jumbo, mayi wina akudutsa ndi ndowa. Bakari akukweza dzanja, akuti, "Pepani amayi, madzi akumwa alipo?" Ng'oma zinali pamwamba, mayiyo sanamve, anangodutsa. Iye akutsitsa dzanja, akunyambita milomo. Kenako akutembenuka n'kuyang'ana m'kamera, kuyang'ana ife. Amayi anayankha mokweza, ngati ali naye pamphasa imodzi. Anati, "Ndakupatsa, mwanangu. Ndakupatsa."

Ine ndinathawira kuseri kwa bafa. Ndinalira mpaka kusanza.

Mawa lake azana inaitana, m'chipinda muli zii. Makina sanadzukenso mpaka lero. A Blasius anabwera Lachisanu, akuti khadi yapsa, yatha ntchito. Anatulutsa vidiyo m'njira zawo n'kuika pa mafulashi awiri. Madzi a m'kabotolo aima pa chikando changa chija. Ndimayang'ana m'mawa uliwonse, sanatsikenso ngakhale pang'ono. Mufotokoze inu aphunzitsi, ine ndaleka kufunsa.

Fulashi imodzi ndinakapereka ndekha ku Nkaya. Che Hassan anali atataya kale mtima kuti ukwati wa mwana wawo adzauona. Anandipatsa ndowa ziwiri za mpunga ndi mwendo wa mbuzi. Ine ndinafuna tibise, tizidya pang'onopang'ono. Amayi anatenga ndowa imodzi n'kuitana a shehe, ndipo ulendo uno sindinatsutse. Sadaka inachitika dzana. Anthu anadya, ana a mudzi wonse ali pamzere. Nafisa anadya mpaka kugona ndi mpunga m'manja. Mapazi ake aphwerako pang'ono, kaya zipitirira.

Ndowa yotsalayo itifikitsa pakati pa Ramazani, ikatha sindikudziwa. M'munda mulibe chokolola. Munanena zoona kuti khadi yatsopano ikanatidyetsa miyezi, sindikukana, ndipo usiku ndi usana ndimaziganiza. Katundu wa malemu tsopano ndi wotsegula. Khadi yanu mukaifuna nenani, ndikutumizirani ndi ndere zake.

Mu envelopu muno muli fulashi inayo. Pamene ndikunenapo a Blasius alemba pakapepala, ola lachinayi ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Muonere muli chikhalire, ndipo musaonere nokha.

Ndawerenganso makalata anu onse atatu. Munati ntchito inatha mu Disembala. Munalemba za ife, za Nafisa, za sitolo, koma palibe pamene mwanena chimene mukuika m'kamwa inuyo. A Elliam akuti pa depoti anakuzindikirani ndi mawu, nkhope anaiphonya. Akuti munavala majekete awiri dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye ndikufunsani, achimwene, ndipo mundiyankhe ndi basi yomweyi. Kumeneko mukudya?

Musandiyankhe kuti mwadya kale.

Mlongo wanu,
Zaituni